Funsani Tikuyankheni: za Bradley Wiggins ndi mipikisano ya njinga

Moni nonse okonda masewero. Mwezi uno tapumulako kaye za mpira, chifukwa mafunso a njinga achuluka ndipo ambiri akuzungulira dzina limodzi, Bradley Wiggins wa ku England. Ena ndawaphatikiza poti amafanana, ena ndawadulako chifukwa cha malo, musadandaule.

FUNSO: Akulu, ine ndimapalasa kabaza kuno ku Salima nde za njinga zimandisangalatsa. Mnzanga anandionetsa vidiyo pa foni, anthu akuzungulira mkati mwa chinyumba pa matabwa opendekeka, njinga zake zopanda mabuleki, akuti mmodzi mwa iwo ndi Wiggins amene anawinanso Tour de France. Kodi si mpikisano umodzi omwewu? Chosiyana nchani?
Wakabaza, Salima

YANKHO: Achimwene, ndi masewero awiri osiyana kwambiri olo onse ndi a njinga. Zomwe munaonazo ndi za mu velodrome, bwalo la matabwa lomwe ukazungulira kamodzi ndi mamita 250, ndipo m'makona mwake ndi mopendekeka kupitirira madigiri 40 kuti munthu asaponyedwe kunja akamabwera ndi liwiro. Njinga yake giya ndi imodzi yokha, mabuleki mulibe zoona, ndipo tayala lakumbuyo likamazungulira zopalasira nazo zikuzungulira, sungapumitse miyendo njinga nkumayenda yokha ayi. Kuti uime umachita kubweza ndi miyendo pang'onopang'ono.

Mpikisano umene Wiggins anatchuka nawo ndi individual pursuit. Anthu awiri amayambira mbali ziwiri zoyang'anizana za bwalo, aliyense akuthamangitsa mnzake, makilomita 4, kuzungulira ka 16 basi zatha. Ku Olimpiki ya ku Athens mu 2004 anatenga golide pa mphindi 4 ndi masekondi 16 atagonjetsa Brad McGee wa ku Australia, ndekuti liwiro lake limadutsa makilomita 56 pa ola, komanso kumbukirani kuti amayamba ali chiimire. Palinso team pursuit, anthu anayi motsatana tayala ndi tayala, wakutsogolo amalimbana ndi mphepo kanthawi kenako amakwera m'mwamba mwa kona nkutsikira kumbuyo kwa anzake, wina nkutenga ntchito.

Tsono Tour de France ndi ya pamsewu, masabata atatu, kupuma masiku awiri okha. Ya 2012 inali makilomita pafupifupi 3,500, mapiri a Alps ndi Pyrenees ali momwemo, mvula, dzuwa, kugwa. Tsiku lililonse ndi siteji yake, amaphatikiza nthawi ya masiku onse ndipo amene watenga nthawi yochepa ndi amene amavala jezi yachikasu. Thupi lofunika pa mphindi 4 ndi lina, lofunika pa masabata atatu ndi linanso, nchifukwa chake dzina la munthuyu limamveka. Anakhalapo katswiri wa dziko lonse komanso wa Olimpiki mu velodrome ndi pamsewu pomwe, nkuonjezerapo Tour de France.

FUNSO: Ndinawerenga kuti anabadwira ku Belgium ndipo bambo ake anali a ku Australia. Nde akukhala Mngelezi bwanji?
Mphunzitsi, Mzuzu

YANKHO: Aphunzitsi, mwawerenga zoona. Anabadwa pa 28 Epulo 1980 mumzinda wa Ghent, chifukwa bambo ake a Gary Wiggins anali opalasa njinga omwe amapeza ndalama m'mipikisano ya masiku 6 ya mu velodrome ku Ulaya. Mayi ake a Linda ndi a ku London. Mwanayu ali ndi zaka 2 bambo aja anachoka pa banja, mayi anatenga mwana wawo nkubwerera kwawo, ndipo anakulira ku Kilburn m'nyumba za khonsolo, agogo ake aamuna ndi amene anakhala ngati bambo. Nde ulendo wake wonse wa sukulu, chilankhulo, timu ya dziko, zonse ndi za ku England.

Mu 1992 ali ndi zaka 12 anaonera pa TV Chris Boardman akuwina golide wa individual pursuit ku Olimpiki ya ku Barcelona, ndipo kuyambira pamenepo mtima unapita ku njinga. Anaphunzirira ku Herne Hill, bwalo lakale la panja kummwera kwa London komwe kunachitikira mipikisano ya njinga pa Olimpiki ya 1948. Pofika 1998 anali katswiri wa dziko lonse wa achinyamata, anakawinira ku Havana m'dziko la Cuba, ndipo mu 2000 ali ndi zaka 20 anabwerako ku Olimpiki ya ku Sydney ndi mendulo ya bronze (ya nambala 3) ya team pursuit.

Koma apa ndifuna muonepo chinthu china aphunzitsi, poti inu mumaumba ana. Mnyamatayu anakula pa nthawi yabwino. Ku Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996 dziko lonse la Britain linapeza golide mmodzi yekha, zinawachititsa manyazi, nde kuyambira 1997 ndalama za lotale ya dziko zinayamba kupita kwa osewera kuti azingochita masewero osadandaula za lendi. Velodrome ya ku Manchester inali itatsegulidwa kale mu 1994. Luso anali nalo inde, koma linapeza bwalo, makochi ndi malipiro zikudikira. Bambo ake aja anadzakumana nawonso atakula kale koma ubale sunakhazikike, ndipo anamwalira mu Januwale 2008 ku Australia atapezeka ali chikomokere mumsewu, miyezi yochepa mwana wawo asanakawine magolide awiri ku Olimpiki ya ku Beijing.

FUNSO: Bambo a zamasewero, chimene sindimvetsa nchakuti munthu wamtali chonchija anakwanitsa bwanji kukwera mapiri? Okwera mapiri omwe ndimawaona ndi timaanthu tochepa thupi. Anasintha chani?
Wowerenga wanu, Dedza

YANKHO: Mwaona bwino, ndi wamtali mamita 1.90 ndipo kwa zaka zambiri pamsewu sanali munthu woopsa nkomwe. Anayamba ndi timu ya Linda McCartney mu 2001 yomwe inagwa asanapite patali, kenako anapita ku matimu a ku France, Française des Jeux, Crédit Agricole, Cofidis, ndipo kumeneko amangotengedwa ngati mnyamata wa mu velodrome amene angawineko time trial yaifupi, uja mpikisano woti aliyense amanyamuka yekha nkumalimbana ndi wotchi. Tour yake yoyamba mu 2006 anamaliza kupitirira nambala 120. Iye mwini ananenapo kuti atabwerako ku Athens ndi mamendulo atatu anakhala miyezi akungomwa mowa, sanadziwe chochita ndi moyo wake, mpaka kubadwa kwa mwana wake mu 2005 nkumene kunamudzutsa. Mu 2007 timu yake yonse ya Cofidis inatuluka mu Tour chifukwa mnzawo Cristian Moreni anapezeka ndi mankhwala oletsedwa, zinamuwawa kwambiri.

Kusintha kunabwera atamaliza za Beijing. Mu 2009 ali ku timu ya Garmin anaganiza zoika mtima wonse pamsewu ndipo anatsitsa thupi makilogalamu angapo. Nkhani yake ili apa, pamalo athyathyathya mdani wako ndi mphepo, nde munthu wamphamvu zambiri amawina olo akhale wolemera, koma pa chikweza mdani ndi kulemera kwako komwe, chofunika ndi mphamvu zomwe ukutulutsa pa kilogalamu iliyonse ya thupi lako. Wiggins injini anali nayo kale yochokera ku pursuit, yotha kugwira liwiro limodzi lopweteka osatsika, chomwe anachita nkuchepetsa katundu yemwe injiniyo imanyamula. Chaka chimenecho anamaliza Tour pa nambala 4 anthu osayembekezera, ndipo pambuyo pake anamukweza pa nambala 3 zotsatira za Lance Armstrong wa ku America zitafufutidwa chifukwa cha mankhwala oletsedwa.

Mu 2010 inabadwa Team Sky pansi pa Dave Brailsford, cholinga chawo ananeneratu poyera kuti munthu wa ku Britain awine Tour pasanathe zaka 5. Chaka choyamba chinavuta, Wiggins anavalako jezi yapinki ya wotsogola mu Giro d'Italia, mpikisano wa masabata atatu wa ku Italy, atawina tsiku loyamba ku Amsterdam koma ku Tour sanalowe ngakhale mu 20 oyambirira. Mu 2011 anawina Critérium du Dauphiné, mpikisano wa sabata imodzi wa ku France wokonzekera Tour, aliyense nkumati chaka chake nchino, kenako pa siteji 7 ya Tour anagwa nkuthyoka fupa la pakati pa khosi ndi phewa. Nthawi imeneyi amaphunzitsidwa ndi Shane Sutton komanso Tim Kerrison, kochi wa ku Australia yemwe anachokera ku masewero osambira, ndipo amakakhala masabata pa phiri la Teide pa chilumba cha Tenerife, kugona pamwamba kupitirira mamita 2,000 komwe mpweya ndi wochepa kuti magazi azolowere, m'mawa kutsika nkumakweranso phiri lomwelo.

Nde 2012 inafika. Paris-Nice anawina, Tour de Romandie anawina, Dauphiné anawinanso. Tour ya chaka chimenecho inayambira ku Liège ndipo inali ndi makilomita oposa 100 a time trial, zomwe zinamukomera kwambiri. Jezi yachikasu anaitenga pa siteji 7 pa phiri la La Planche des Belles Filles ndipo sanaivulenso mpaka ku Paris pa 22 Julayi. M'mapiri samathawa anthu ayi, timu yake imangokoka liwiro lokwera lomwe ena amalephera kuthawirapo, iye ali pambuyo pawo, kenako pa time trial ya ku Besançon ndi ya ku Chartres nkumene amawasiya. Anakhala munthu woyamba wa ku Britain kuwina Tour chiyambireni mu 1903. Pa 27 Julayi ndi iye anaimba belu lalikulu lotsegulira Olimpiki ya London, pa 1 Ogasiti anawina golide wa time trial ya makilomita 44 ku Hampton Court, Tony Martin wa ku Germany wachiwiri, Chris Froome, mnzake wa ku Team Sky, wachitatu. Kumapeto kwa chaka BBC inamusankha wamasewero wa chaka ndipo anapatsidwa ulemu wa Sir.

FUNSO: Achimwene, ine zinandinyasa. Froome amaoneka kuti ali ndi mphamvu kuposa Wiggins koma amamuuza kuti adikire. Mpikisano wanji woletsa munthu kuwina? Kapena poti Froome anabadwira ku Africa kuno?
Mayi wokonda masewero, Blantyre

YANKHO: Mayi, simuli nokha, mkangano umenewu sunathe mpaka lero. Za kubadwira ku Africa ndi zoona kuti Froome anabadwira ku Nairobi mu 1985 ndipo sukulu anaphunzira ku South Africa, koma amapalasira Britain ndipo chaka chotsatira timu yomweyo inamupatsa utsogoleri, nde chifukwa sichinali chimenecho. Chifukwa chake ndi mmene masewerowa amayendera. Munthu ukakhala kumbuyo kwa mnzako pamalo athyathyathya umapulumutsa mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zako poti mphepo akulimbana nayo ndi iyeyo. Ndiye timu imasankha mtsogoleri mmodzi, enawo ntchito yawo nkumutchingira mphepo, kukamutengera madzi ku galimoto, olo kumupatsa tayala lawo lake likaphwa. Amalipidwa pa ntchito imeneyo, ndipo mwa mwambo wawo ndalama yomwe wopambana walandira, chaka chimenecho inali mayuro 450,000, imagawidwa ku timu yonse mpaka amakaniko.

Zomwe munaonazo zinachitika pa siteji 11 pokwera La Toussuire. Kutatsala makilomita ochepa Froome anaonjezera moto, Wiggins anatsalira, wailesi ya m'khutu inalankhula kuchokera ku galimoto ya timu ndipo Froome anabweza liwiro. Zinachitikanso pa siteji 17 ku Peyragudes, Froome akucheukacheuka nkumamukodola mtsogoleri wake pomwe Alejandro Valverde amapita kukawina siteji. Maganizo anga ndi awa, m'mapiri Froome anali wamphamvu kuposa Wiggins, zimenezo sindikutsutsani. Koma Froome anali atataya kale mphindi imodzi ndi masekondi 25 pa siteji yoyamba tayala litaphwa, ndipo pa ma time trial awiri aatali aja Wiggins anamuposa ndi masekondi 35 kenako mphindi imodzi ndi masekondi 16. Pomaliza anasiyana mphindi 3 ndi masekondi 21, Vincenzo Nibali wa ku Italy wachitatu. Timu yomwe ili ndi jezi yachikasu m'manja singalole anthu ake awiri ayambe kulimbana okhaokha Nibali akuonerera, akanatha kutaya zonse. Ine ndimaona kuti anachita bwino kumuimitsa, olo zinali zowawa kuonera. Froome anadzawina Tour mu 2013, 2015, 2016 ndi 2017, pomwe Wiggins sanabwererenso ku Tour chichokereni 2012, ndipo ubale wa awiriwa unaonongeka kwa zaka.

Komanso mayi musamuone Wiggins ngati munthu wongolandira. Mu 2011 ku Copenhagen anakoka gulu ndi mphamvu zake zonse kuti Mark Cavendish, mnzake wa timu ya Britain, akhale katswiri wa dziko lonse. Tsiku lomaliza la Tour ya 2012, atavala kale jezi yachikasu, nthawi yomwe ena amabisala pakati pa gulu kuopa kugwa, iye anapita kutsogolo mumsewu wa Champs-Élysées kukamukokera Cavendish yemweyo mpaka anawina. Ndipo pa siteji 14 munthu wina woipa mtima atamwaza timisomali pa phiri la Mur de Péguère, matayala a anthu ambiri nkuphwa kuphatikizapo a Cadel Evans yemwe amateteza chikho, Wiggins anauza gulu kuti lichepetse liwiro amudikire. Palibe lamulo lomwe limamukakamiza.

FUNSO: Ngati sanabwererenso ku Tour, zaka zotsalazo amatani?
Mnyamata wa ku koleji, Zomba

YANKHO: Amwene, sanakhale pansi. 2013 inamuvuta, anatuluka mu Giro ndi matenda a m'chifuwa, koma anawina Tour of Britain. Mu 2014 anawina Tour of California, anamaliza pa nambala 9 ku Paris-Roubaix, mpikisano wa tsiku limodzi wodutsa m'tinjira ta miyala komwe owina Tour ambiri safuna nkupondako komwe, ndipo ku Ponferrada m'dziko la Spain anagonjetsa Tony Martin nkukhala katswiri wa dziko lonse wa time trial.

Chomwe ine chimandigwira mtima kwambiri ndi cha pa 7 Juni 2015. Pali rekodi yakalekale ya ola limodzi, munthu yekha mu velodrome, palibe womutchingira mphepo, palibe kumwa madzi, ungopalasa mphindi 60 tione wafika pati. Alex Dowsett anali atangoika makilomita 52.937 mwezi wa Meyi. Wiggins mu velodrome ya ku Lee Valley ku London anapalasa makilomita 54.526, kuzungulira ka 218, inu a ku Zomba ganizirani kunyamuka pa Limbe ola limodzi nkukhala mutatsala pang'ono kulowa m'tauni mwanu. Tsikulo mpweya unali wolemera chifukwa cha nyengo, zomwe zimabweza liwiro, koma rekodi inakhala mpaka 2019 pomwe Victor Campenaerts wa ku Belgium anafika 55.089 ku Mexico, ndipo mu 2022 Filippo Ganna wa ku Italy anaikankhira pa 56.792.

Kenako anabwerera ku team pursuit. Ku Rio mu 2016 iye ndi Ed Clancy, Steven Burke ndi Owain Doull anagonjetsa Australia pa fainolo yomwe anatsalira kumbuyo nthawi yaitali, nkuika rekodi ya dziko lonse ya 3:50.265. Imeneyo inali mendulo yake ya nambala 8 ya Olimpiki, zagolide 5. Mpikisano wake womaliza unali wa masiku 6 ku Ghent komwe anabadwira, anawina limodzi ndi Cavendish mu Novembala, ndipo pa 28 Disembala 2016 analengeza kuti wapuma.

FUNSO: Akulu tiuzeni zoona osabisa. Anthu a njingawa amamwa mankhwala onse, Armstrong anagwidwa. Wigginsyu ndi woyera?
Wokayika, Lilongwe

YANKHO: Bambo, funso ili ndi lolemera ndipo ndiyankha mosamala poti ndi mbiri ya munthu. Kukayika kwanu kuli ndi maziko, Armstrong analandidwa zikho 7 za Tour mu 2012 ndipo anavomera yekha mu Januwale 2013. Wiggins sanapezekepo ndi mankhwala oletsedwa pa kuyezedwa kulikonse ndipo palibe bungwe lomwe linamupeza wolakwa. Koma nkhani siithera pamenepo.

Mu Seputembala 2016 gulu la akuba zinsinsi pa intaneti lotchedwa Fancy Bears linatulutsa zikalata za WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewero, ndipo zinaonetsa kuti Wiggins anapatsidwa chilolezo cha chipatala chobayitsa jakisoni wa triamcinolone katatu, Tour ya 2011 itatsala pang'ono kuyamba, Tour ya 2012 itatsala pang'ono kuyamba, komanso Giro ya 2013 isanayambe. Mankhwalawa ndi oletsedwa pa mpikisano pokhapokha dokotala apemphe ndipo bungwe la njinga la UCI livomere, ndipo linavomera. Iye anati amadwala mphumu komanso mungu wa maluwa umamutseka m'chifuwa nthawi yotentha, jakisoniyo amangomubwezera pomwe pali anzake. Vuto nlakuti opalasa ena omwe anavomera kuti ankabera kale, monga David Millar, ananena kuti mankhwala omwewa ndi amphamvu zedi, amaphwetsa thupi koma mphamvu osachoka. Mukakumbukira zomwe ndafotokoza za kulemera ndi mapiri muona chifukwa chake anthu anadzidzimuka.

Panabweranso nkhani ya kaphukusi komwe munthu wa British Cycling, bungwe la njinga la ku Britain, ananyamula kuchokera ku Manchester kukapereka kwa dokotala wa timu, Richard Freeman, tsiku lomaliza la Dauphiné ya 2011. Brailsford anauza aphungu a nyumba ya malamulo kuti munali Fluimucil, mankhwala wamba ochotsa makhololo, koma zolemba zotsimikizira panalibe, dokotalayo anati laputopu yake inabedwa ku Greece. Bungwe la UK Anti-Doping linatseka kafukufuku mu Novembala 2017 osaimba munthu mlandu, linati lalephera kudziwa zomwe zinali mkatimo. Mu Malichi 2018 komiti ya aphungu inatulutsa lipoti lonena kuti Team Sky sinaphwanye malamulo a WADA koma inadutsa malire a chikhalidwe chabwino, kugwiritsa ntchito mankhwala ololedwa pofuna kuonjezera mphamvu osati kuchiza kokha. Wiggins anakana kwamtuwagalu, mpaka lero amakana. Dokotala Freeman anachotsedwa m'kaundula wa madokotala mu 2021 pa nkhani ina yoitanitsa mankhwala oletsedwa a testosterone mu 2011, ndipo bwalo lomwe linamuweruza silinatchule wopalasa aliyense.

Nde ine ndiima pati? Sindingamutchule wakuba popanda umboni, ndipo kumuika m'gulu limodzi ndi Armstrong nkulakwa. Koma Team Sky inabwera ikudzitcha timu yoyera kuposa onse, inatiuza kuti tiikhulupirire, nde timu yotero kulephera kusunga zolemba za mankhwala a mtsogoleri wake ndi chinthu chomwe chimandipweteka monga wokonda masewerowa. Ma jakisoni atatu aja kubwera ndendende mipikisano ikuluikulu isanayambe, funso limenelo ndi loyenera kufunsa ndipo amene amalifunsa si anthu a nsanje.

FUNSO: Ndamva kuti pano anasauka mpaka nyumba inapita. Zoona? Munthu wa Sir angasauke bwanji?
Mayi wa bizinesi, Mangochi

YANKHO: Mayi, nzoona kuti mu Juni 2024 khoti ku England linalengeza kuti walephera kubweza ngongole, makampani ake anali atayamba kale kugwa zaka zingapo m'mbuyomo. Ulemu wa Sir subwera ndi ndalama. Koma nkhani ya ndalama ndi kachigawo chabe. Atapuma anayesako masewero opalasa bwato, anagwirako ntchito yofotokoza Tour pa TV ya Eurosport ali pa njinga yamoto, kunja amaoneka bwinobwino. Mu 2022 anaulula kuti ali ndi zaka 13 kochi wina anamuchita nkhanza zogonana, ndipo anasunga chinsinsicho zaka pafupifupi 30 poti panalibe wamkulu yemwe akanamuuza. Anafotokoza kuti njinga inali pobisalira pake, ndipo kutchuka kwa 2012 kunamulemera, sanadzione ngati woyenera ulemu wonse uja. Mu 2025 ananenanso poyera kuti atasiya njinga anagwa mu cocaine kwa zaka, ana ake amaopa kuti tsiku lina amupeza atafa, ndipo kuti anali atasiya ndi kulandira thandizo.

Ine sindikuona chosekapo apa, ndipo ndimamulemekeza polankhula, chifukwa amuna ambiri amafa nazo zoterezi mumtima. Anagwirizana ndi bungwe loteteza ana la NSPCC kulimbikitsa akuluakulu kuti azidziwa zizindikiro za mwana yemwe akuzunzidwa. Makolo amene ana anu ali m'matimu a mpira, netibo, nkhonya kaya masewero ena aliwonse, dziwani kochi wa mwana wanu, dziwani komwe amagona akapita ku ulendo, ndipo mwana akasintha khalidwe mwadzidzidzi mufunseni mofatsa. Mwana wake Ben naye ndi wopalasa njinga, mu 2023 anakhala katswiri wa dziko lonse wa achinyamata pa madison, mpikisano wa mu velodrome wa anthu awiriawiri osinthana.

FUNSO: Ife timanyamula matumba a makala ndi anthu tsiku lonse pa chikweza. Atatipatsa njinga zawozo sitingawagonjetse azunguwa?
Wakabaza wina, Ntcheu

YANKHO: Achimwene, mphamvu muli nazo, zimenezo palibe angatsutse, ndipo njinga zawo nzopepuka zoona, malamulo a UCI amati isatsike pa makilogalamu 6.8. Vuto la zipangizo ndi lenileni. Pa masewero a Commonwealth ku Glasgow mu 2014, komwe Wiggins anatenga siliva wa team pursuit, opalasa a Malawi anachita kubwerekedwa njinga ndi shopu ina ya mumzindawo poti zomwe anabwera nazo sizinali zoyenera mpikisano. Koma njinga yokha siikwanira. Kunyamula katundu wolemera pang'onopang'ono ndi ntchito ina, kugwira makilomita 45 pa ola pakati pa anthu 150 mapewa akugundana, kutsika phiri pa makilomita 80 pa ola, kudziwa nthawi yodya ndi yobisala ku mphepo, zimenezo zimaphunziridwa m'mipikisano kuyambira uli wamng'ono, Wiggins anayamba ali ndi zaka 12.

Kuti munthu wakuda wa ku Africa angathe, zinaoneka kale. Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anavala jezi ya mfumu ya mapiri mu Tour ya 2015, ndipo Biniam Girmay wa dziko lomwelo mu 2024 anawina masiteji atatu nkutenga jezi yobiriwira, ya wotolera mapointi ambiri, mpaka kumapeto. Kwawoko njinga ndi masewero a dziko, mipikisano imachitika pafupipafupi mu Asmara, ndipo Girmay anatengedwa ali wachinyamata kukaphunzira ku likulu la UCI ku Aigle m'dziko la Switzerland. Rwanda nayo inalimbikira Tour du Rwanda chaka ndi chaka mpaka mu Seputembala 2025 mpikisano wa dziko lonse wa pamsewu unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa.

Ngati muli ndi mng'ono wanu kapena mwana wazaka 13, 14 amene amakonda liwiro, sankhani msewu wopanda magalimoto ambiri, yezani makilomita 10, mutengereni nthawi pa foni sabata iliyonse nkumalemba, avale chipewa choteteza mutu, ndipo kukamveka mpikisano wa njinga m'boma lanu mukamulembetse olo njinga yake ikhale yakumudzi. Amene munafunsa za mitengo ya njinga za mpikisano ndi kusiyana kwa magiya ake, mafunso anu ndawasunga, tidzayankha mwezi wamawa.